Nsapato Zanga Pakhomo pa Mzikiti wa ku Limbe

Zinali nsapato zapulasitiki, zakuda, zong'ambika pachala chachikulu, koma ine ndinkazinyadira koopsa. Ndinali mu Sitandade 2, tikukhala m'nyumba yalendi ku Chigumula, ine ndi mayi basi, bambo atamwalira kale. Nyengo ya chiperoni chaka chimenecho mayi anayamba kundikweza minibasi Loweruka lililonse kupita ku Limbe, kumzikiti wakale wa makoma oyera, kumene amalume, achimwene awo a mayi, ankasamalira pamalopo.

Ife tinali a Chipresibateria, mayi anga anali mayi wa Mvano weniweni. Zoti anabadira m'banja la Chisilamu ndinazidziwira pakhomo pa mzikitipo, nditawamva akupatsana moni ndi amalume m'Chiyao. Ha! Ndinawayang'ana ngati mayi a mwana wina.

Pakhomopo pamayenera kuvula nsapato, ndiye apa panali nkhondo. Anzanga anali atandiuza kuti mwana akalowa mumzikiti sabwereranso kwawo. Bodza lenileni la ana, lero ndimachita nalo manyazi, koma ine ndinalimeza lonse. Ndinkati akandivula nsapato ndithawa bwanji pamiyala ya mu Limbe? Ndinkalowa nditazikumbatira pachifuwa, amalume n'kumangoseka m'ndevu zawo.

M'katimo munkanunkhira ubani, kapeti ikuzizira kumapazi, ukatsokomola mawu ako ankakubwerera kuchokera kudenga. Kuseri kunali manda a amalonda akale amene anamanga mzikitiwo, miyala yake yolembedwa zilembo zopindikapindika. Akazi salowa kumandako, choncho mayi ankatsala pageti. Amalume ankandigwira dzanja mpaka pa kamtumbira kopanda dzina, pafupi ndi mpanda.

"Agogo ako agona apa. Thira madzi."

Ndinkathira, koma maso ali kugeti, kuona ngati duku la mayi likuonekabe. Mantha anga sanali oopa akufawo ayi. Ndinkaopa kusiyidwa.

Ndipo zinkaoneka kuti zikupita komweko. Poyamba mayi ankadikira pageti. Kenako anayamba kunena kuti akagule kaye tomato kumsika, n'kubwera patapita nthawi, tomatoyo osaoneka. Loweruka lina anafika dzuwa litapendeka, ine nditalira mpaka mawu kutha, samusa amene amalume anandigulira nditamukana, ngakhale pambuyo pake ndinadya ndithu, njala sinkadziwa zoti ndakwiya. Amalume pofuna kunditonthoza ankati, "Usaope, iwe ndi magazi athu." Koma abale, mawu amenewo ndi amene ankandiopsa kwambiri!

Tsiku limene ndinkaliopa linafika. Mayi ananyamula jumbo, m'katimo muli yunifomu yanga ndi bulangete. Nditaiona pakhomo pa mzikiti ndinadzigwetsa pansi, n'kugwira chitenje chawo ndi manja onse.

"Mayi, musandisiye! Ndizimvera, ndizitsuka mbale!"

Anakhala pamasitepe akupuma movutikira. Anandigwira patsaya, dzanja lawo lopepuka ngati la mwana mnzanga.

"Lero lokha ugone kwa amalume ako, uzolowere. Mawa ndibwera."

Anabweradi mawa lake. Koma kenako kunakhala kugona kuwiri, kenako sabata yathunthu. Mvula isanayambe mayi anamwalira, ndipo ndinatsala kwa amalume. Munthu amene ndinkamuopa uja ndi amene ankandiperekeza kutchalitchi Lamulungu lililonse, n'kumandidikira panja atavala mkanjo wake, chifukwa anali atalonjeza mlongo wake.

Kumsika kumene mayi ankanena kunali kuchipatala, ndipo madokotala anali atawauza kale zoona. Ine ndinkangoona mayi amene atopa nane, n'kumafufuza usana wonse chimene ndinalakwa. Sindikanadziwa kuti ankandisiya pang'onopang'ono chonchija kuti ndiyambe kuwalira iwo akadalipo, akadatha kubwera mawa lake kudzandipukuta misozi.