Bawuti Yachinayi

Pa Mpamba, kuseri kwa chigayo, pali galaja ya malata asanu ndi limodzi ya a Killion Manda. Aphunzitsi ochokera ku Dedza ndi ku Ntcheu akangofika kumene amaseka akamva kuti galimoto yadwala ndiye yapita kwa Manda. Eni dera saonapo choseketsa, pakuti kwa Atonga limeneli ndi dzina la mtundu basi.

A Killion anaphunzira umakaniko kuesiteti ya mphira, akukonza mathirakitala. Atachoka kumeneko anasankha ntchito imodzi imene ena amaithawa, ya masipuling'i, zitsulo zosanjikizana zija zimene zimanyamula kumbuyo kwa galimoto. Anali munthu wosafulumira, wotopetsa kumudikira. Lamulo lawo linali limodzi. Akamanga masipuling'i atsopano ankakweza matumba a mchenga, galimoto nkupita ku Limphasa ndi kubwerako, kenako iwo nkulowanso pansi kukalimbitsa manati kachiwiri, chifukwa chitsulo chatsopano chikamva katundu chimakhazikika ndipo manati amatsala olefuka. Madalaivala ankadandaula za mafuta, koma kwa zaka makumi atatu palibe galimoto yochoka m'manja mwawo imene inagwetsa munthu. Zimenezi a Killion ankanyada nazo mwina mopitirira.

Lachiwiri lina mu Febuluwale, mvula itagwa sabata yathunthu, dalaivala wina, Nathan, anabweretsa Kuruza yake, galimoto yonyamula anthu ndi katundu pamsewu wa ku Usisya. Kumbuyo kunali kutakhala pansi. Masipuling'i atsopano anabwera kuchokera ku Mzuzu, koma m'katoni munali mabawuti atatu okha opindika aja omangira sipuling'i ku chitsulo cha mateyala. Amafunika anayi. A Killion anatola yakale imodzi, kuitsuka ndi dizilo, kuitembenuza padzuwa. Mano ake anali atadyeka pang'ono. Anadziuza kuti ipirira mpaka Loweruka, yatsopano ikabwera, ndipo sanauze munthu.

M'mawa wa Lachitatu uthenga unafika kuti mchimwene wa akazi awo, mayi Agness, wamwalira kuchipatala ku boma. Kwawo kwa malemuyo kunali ku Usisya, ndipo ndi matope amenewo galimoto yoti nkutsika phiri lija inali ya Nathan yokha. A Killion anali atangoitsitsa pa jeke pamene lole yonyamula bokosi inaima pakhomo pa galaja. Asanasambe m'manja, bokosi linali litakwezedwa kale pa Kuruza, amayi atakhala molizungulira.

"Ada," a Killion anauza amalume a malemu, mkulu amene ankatsogolera mwambo, "ndipatseni ola limodzi. Galimotoyi sinayesedwe. Ifike pa Limphasa ibwerere."

Mkuluyo anawayang'ana ngati atukwana. "Maliro akanyamuka sabwerera m'mbuyo. Mwakula muli konkuno, mukufuna ndikuphunzitseni ine? Ntchito mwamaliza kapena simunamalize?"

"Ndamaliza."

Mkamwini pamaliro a kuchikazi pakamwa pake pamakhala polemera. A Killion anatenga sipanala yayitali, kuikulunga m'thumba la feteleza, nakwera kumbuyo penipeni, pamwamba pa teyala la kumanzere pamene panali bawuti yakale ija. Mayi Agness anakhala kumutu kwa bokosi, dzanja lili pa thabwa. Onse pamodzi analipo anthu khumi ndi asanu ndi awiri, kuphatikizapo matumba awiri a ufa wa kondowole ndi mtolo wa nkhuni.

Amayi anayamba nyimbo za mpingo. A Killion sanaimbe nawo, makutu awo anali pansi pa galimoto. Ola loyamba pansipo panali zii. Atadutsa mitsinje iwiri anamva kugogoda kumodzi, kochepa, ngati munthu wogogoda pakhomo mwaulemu. Anadikira. Pa dzenje lotsatira kunamvekanso, ndipo nthawi ino anakumva ndi m'mapazi momwe. Ankadziwa chimene chimachitika bawuti zikataya: chitsulo cha mateyala chimasuntha, galimoto nkuyamba kuyenda chammbali ngati nkhanu, ndipo pa phiri la ku Usisya mbali imodzi ndi khoma, inayo ndi phompho.

Atafika pamwamba pamene msewu umayamba kutsetsereka, a Killion anamenya denga la galimoto ndi chikhatho. Nathan anaima. Iwo anatsika, kugona chagada m'matope, nalowa pansi pa galimoto, kunsi kwa bokosi la mlamu wawo, nyimbo ikuzilala pamwamba pawo. Bawuti iliyonse inali ndi manati awiri. Manati asanu ndi limodzi a pa mabawuti atsopano anali olefuka monga ankayembekezera, ndipo anawalimbitsa. Nati lachisanu ndi chiwiri, la pa bawuti yakale, linazungulira kawiri nkugwira monyinyirika. Lomaliza linangozungulira osagwira kanthu. Mano anali atatheratu.

Anagona pomwepo kanthawi, madzi amatope akuwadonthera kumaso. Mwina galimotoyo ikanatsika bwinobwino. Mabawuti atatu ndi theka si ochepa, ndipo Nathan ndi dalaivala wofatsa. Akanena zoona, mawa Mpamba yense adziwa kuti a Manda anamanga chitsulo chakutha pa galimoto yonyamula anthu.

Anatuluka, kuzungulira mbali imene kunali akazi awo, nalankhula chapansipansi.

"Anyina Prisca, tsikani. Inu ndi ine titsike phirili wapansi."

Mayi Agness anawayang'ana kumaso. Zaka makumi atatu ndi ziwiri za ukwati zinawaphunzitsa nkhope imeneyi.

"Awisi Prisca, ngati galimotoyi ili bwino kwa anzangawa, ili bwino kwa inenso," anayankha osakweza mawu. "Ngati siili bwino, musandinong'oneze ine. Uzani onse."

Nathan anali atatulutsa mutu pawindo. Amalume aja ankagogoda ndodo pansi. A Killion anaima pakati pa msewu, matope kuyambira kumutu mpaka kumapazi, manyazi akuwawotcha.

"Galimoto iyi sitsika ndi anthu," anatero. "Ndinamangapo bawuti yakale, ndipo yatha. Wolakwa ndine, osati Nathan."

Mkulu uja analavula pambali, nauza amuna kuti adule mitengo iwiri. Bokosi analimanga ndi zitenje, nalinyamula pamapewa. Ulendo umene galimoto imatsika mphindi makumi anayi unawatengera maola anayi, akusinthana, mvula ikuwamenya. Mayi wina wokalamba anaterereka nkuthyoka dzanja. Thupi linafika kumudzi anthu okumba manda atabalalika kale, ndipo maliro anagona tsiku lina losakonzekera.

Loweruka bawuti yatsopano inabwera, a Killion anakaimanga pamwamba pa phiri pomwepo, Kuruza nkutsika popanda vuto. Ndiye mpaka lero palibe akudziwa ngati ikanagwa tsiku lija kapena ayi. Ku Usisya amati mkamwini anayendetsa maliro wapansi chifukwa cha ulesi wake, ndipo pa nkhani za banja samuitananso. Nathan masiku ano amakonzetsa ku Mzuzu. Pagalaja pamabwera njinga zamoto ndi timagalimoto tochepa, ndipo a Killion akalamba msanga.

Nkhaniyi m'nyumba mwawo inakambidwa kamodzi kokha, patapita miyezi. Mayi Agness ankasenda chinangwa pakhonde pamene amuna awo anawafunsa ngati akanali ndi mkwiyo chifukwa cha manyazi amene anawabweretsera kwawo.

"Za manyazi ndinaiwala," anatero mayiwo, mpeni osaima. "Chimene sindinaiwale nchakuti munayamba mwabwera kwa ine ndekha. Munali anthu khumi ndi asanu ndi awiri mmene muja, awisi Prisca. Mng'ono wanga anali pambali panga, ali ndi mwana kumbuyo."