Fulashi ya a Gervazio

Ku Sinda, pa kampani ina yogula thonje, pali mtsikana wochepa thupi dzina lake Ottilia. Musamuone kuonda. Makompyuta onse a pamenepo, ndi netiweki yowalumikiza, zili m'manja mwake. Iyeyo ndiye amasintha mapasiwedi, amasunga makope a zonse pachipangizo china chapadera, ndipo timabowo tolowetsera fulashi anatitseka tonse chifukwa vairasi imalowera pomwepo. Mabwana amamumvera. Mwana wakwathu ameneyo!

Mayi ake atamwalira, amene anamuphunzitsa ndi amalume ake, a Gervazio a ku Mkaika. Anagulitsa ng'ombe kuti mwana akafike kukoleji ku Chipata. Ndiwonso anayenera kukhala ankhoswe ake, pakuti Elijah, mnyamata wa ku Vubwi, anali atafunsira.

Tsiku lina a Gervazio anatulukira kuofesi ndi anzawo awiri, jekete atavala, fulashi ili m'manja. Anaidzazitsa pamsika wa Katete, kwa anyamata oika nyimbo, ndipo munali kanema wa mwambo wa Kulamba momwe iwo ankaonekamo.

"Iwe Otti, tatiikira pa chikompyuta chachikulucho anzangawa andione."

Ottilia anagwada. Ankadziwa kuti fulashi ya pamsika imalowa m'makina ambirimbiri, ndipo ikangolowa muno malipiro a alimi onse akhoza kutsekeka.

"Amalume, pepani, muno siilowa. Madzulo ndikakuikirani kunyumba."

"Ukuti ndabweretsa matenda?"

"Si inu, amalume, ndi fulashiyi."

Mnzawo wina anaseka. "A Gervazio, ng'ombe zija munagulira izi?"

A Gervazio anaibweza fulashiyo m'thumba pang'onopang'ono, natuluka osatsanzika.

Ottilia anapita ku Mkaika ndi nkhuku kukapepesa. Anamusiya atagwada pakhonde, iwo ali kuseri akusema mpini. Anapitanso, ulendo uno ndi laputopu yake kuti kanema uja aonere limodzi. Azakhali, akazi awo, anangoti, "Akuti mutu." Ena m'mudzi ankati mwana wakula mtima. Wakula mtima ndani? Amene amagulira ana a amalume akewo mayunifomu chaka ndi chaka?

Tsiku la chinkhoswe a kwa Elijah anafika ndi tambala wawo, nakhala pamphasa. Mpando wa ankhoswe a kuchikazi unali wopanda munthu. Anatuma mthenga, anabwerako yekha. Amalume ena palibe, ndipo achibale onse anaopa kukhala pampando wa munthu wamoyo. Dzuwa litapendeka, alendo ananyamula tambala wawo. Elijah anati adikira, koma maso ali pansi.

Lolemba Ottilia anatsegula ofesi monga mwa masiku onse. Makina anayaka bwinobwino, alimi analandira zawo, palibe amene anadziwa kanthu. Ezekiel, kalaliki wa pasikelo, anasuzumira pakhomo.

"Nanga asisi, chinkhoswe chinayenda bwanji?"

"Pasiwedi yanu yatha masiku," anatero Ottilia, osatembenuka. "Bwerani musinthe."