Buku Losokedwa ndi Ulusi wa Nsapato

Pa khonde la sitolo ya zitsulo, pakati pa chitseko ndi mpope wotsitsa madzi a padenga, pamakhala munthu wosoka nsapato amene msewu wonse umawatcha a Chidendene. Dzina lawo lenileni lilipo, koma linatha ngati nsapato ya wapositi, ngakhale akazi awo akabwera ndi chakudya amafunsa kuti, "A Chidendene alowera kuti?" Ndi bambo wamfupi, wa zala zakuda ndi polishi, wosadziwa kunyengerera kasitomala. Mukawapatsa nsapato yoti yatheratu, amaitembenuza kamodzi n'kukubwezerani: "Iyi kaikwirireni, bwana. Ine ndimasoka, sindiukitsa akufa." Ena amati ndi amwano. Mwano wake uti? Munthu akuuzeni zoona, inu muti mwano? Pitani kwa aja a pakona akakumatireni guluu, tione ngati mukafike nayo kunyumba.

Pansi pa benchi yawo pali katoni ya mabuku. Si a pemphero, si a sukulu. Ndi mabuku a nkhondo, koma nkhondo ya kunyenyezi: asilikali ovala zitsulo kuyambira kumutu mpaka kuphazi, zombo zazikulu ngati tawuni zoyenda mumdima wa mlengalenga, maiko oti dzuwa lake ndi lofiira ndipo mvula yake ndi phulusa. Sukulu a Chidendene anaisiyira panjira. Chingerezi anachitola okha, ndi dikishonale yopanda chikuto, liwu limodzilimodzi ngati munthu wotola misomali yotayika mumchenga. Amene amaseka katchulidwe kawo abwere, akhale pa chitini, awerenge masamba mazana anayi magalimoto akulira m'khutu, ndiye aseke.

Mabukuwo amagula kwa mayi wina woyala mabuku akale pansi, pafupi ndi pokwerera basi. Mayi ameneyo ndiye anawauza kumene nkhanizi zinachokera. Akuti poyamba panali masewera. Amuna akuluakulu amagula tiasilikali ta pulasitiki, kutipaka utoto, kutiyala patebulo, kuyeza mtunda ndi tepi, n'kumaponya tizidutswa ta madontho ngati ta ludo kuti aone wafa ndani. Mabuku anabwera pambuyo, kudzapatsa tiasilikalito mayina ndi mbiri. A Chidendene anaseka mpaka kutsokomola. "Anthu a ndevu zawo? Kuseweretsa zidole?" Chaka chisanathe, iwonso anali akuchita zomwezo.

Anawayambitsa ndi a Mawotchi. Madala amenewa anakonza mawotchi pa khonde lomwelo zaka makumi atatu, katebulo kawo ka galasi katayandikana ndi benchi, mpaka maso anachita ng'ala. Katebulo kanapita, koma miyendo sinaiwale njira. Tsiku lililonse dzuwa likafika paliwombo ankatulukira ndi ndodo yawo, kukhala pa kireti ya mabotolo, n'kufunsa kuti, "Amisiri, tinalekezera pati?" A Chidendene ankaika singano pansi n'kutenga buku. Ankawerenga ndime imodzi chamumtima, milomo ikugwedera, kenako n'kuitulutsa m'chilankhulo cha pakhonde, yothira kale mchere. Kasitomala wobwera nthawi imeneyo ankadikira, kaya wavala tayi.

Koma nkhondo ya magulu asanu, munthu wosaona angaitsate bwanji? Ndiye anayamba kuiyala pabenchi. Zitini za polishi zinakhala malinga, misomali ing'onoing'ono asilikali, hamala chombo. Ankagwira dzanja la madala n'kuliyendetsa pang'onopang'ono: "Adani ali apa. Athu ali apa. Apa musakhudze, pali guluu."

Msomali uliwonse unkatha kufa, koma panali msilikali mmodzi amene a Mawotchi anakana kuti akhale msomali. Anali sajeni wokalamba, wa diso limodzi, amene akuluakulu ankafuna kumutsitsa m'chombo kuti akapume, iye n'kumakana. Pakhondepo ankamutcha Sajeni Chipsera. Tsiku lina madala anatulutsa m'thumba wotchi yakufa yopanda lamba, n'kuiika pakati pa misomali. "Sajeni ndi uyu. Musamusakanize ndi ana awa." Mabuku atatu anatha, wotchiyo osachoka pabenchi.

Ali mkati mwa buku lachinayi, zinthu ziwiri zinagwa sabata imodzi. Mwana wamkazi wa a Mawotchi, namwino wokhala kutali, anaimba foni kuti Loweruka akubwera kudzawatenga. Madala ankakhala okha, ndipo anali atagwa kale kawiri pa masitepe. Sanakane. Anangoti, "Amisiri, Loweruka lisanafike mumutulutse Sajeni ku dziko la phulusa limene akupitalo. Ndikufuna ndichoke ndikudziwa kuti watuluka." Ndiye ngati kuti zimenezo n'zochepa, mvula ya Lamlungu inang'amba mpope uja, madzi n'kudzaza katoni. Lolemba m'mawa buku linali litatupa ngati phazi lolumidwa ndi njuchi, guluu wa kumsana atasungunuka, masamba atagawikana mitolomitolo.

Wina akanagwira mutu. A Chidendene anapinda manja a malaya. Anayanika mitoloyo pamalata, ndipo itauma manja awo anachita zimene amachita ndi chikopa chilichonse: kudula zowola kaye, kusoka pambuyo. Mmisiri sasokera pa chikopa chowola, funsani aliyense wa ntchitoyi. M'munsi mwa masamba munali mutanyenyeka ndi madzi, choncho anadutsitsamo mpeni, mzere woongoka bwinobwino. Manambala a masamba anali m'munsi momwemo. Anapita ndi zinyalala. Iwo sanade nkhawa. Anasanja mitolo poona mmene mabala a madzi akukumanirana, monga amafananizira zikopa ziwiri, anaboola, anasoka ndi ulusi wopaka phula, n'kuveka chikuto chodula ku chikwama chakale. Linatuluka buku loti mukhoza kukhomera msomali.

Tsiku Lachinayi anafika pa nkhondo yaikulu. Asilikali ankathawira kuchombo, adani ali m'mbuyo ngati linthumbu, ndipo pakati panali khomo lachitsulo lotsekera kunja kokha. Woyamba kugwa anali wonyamula wailesi, amene pakhondepo ankangomutcha Wailesi. A Chidendene anachotsa msomali wake n'kuuponya m'chitini, ngwe. Kenako Sajeni anakankhira anzake mkati, anaponda khomo ndi nsapato yake yomangidwa ndi waya, n'kulitseka iye ali kunja. Mfuti yake inalira, inalira, kenako zii.

Dzanja la a Mawotchi linali pa wotchi, chala chikuzungulira galasi. A Chidendene, pothawa chete ameneyo, anatembenuza tsamba, ndipo anakuwa mpaka mwini sitolo anasuzumira.

"Madala! Ali moyo! Ali m'chombo, wakhala pa bokosi la zipolopolo, akukonza nsapato!"

"Akukonza nsapato?"

"Ndi waya! Ndi mnzanga ameneyu, wa ntchito yathu!"

Madala anamwetulira pang'ono, anafufuza ndodo yawo. "Chabwino, amisiri. Mawa timalize."

Pangano lawo linali loti buku silitsegulidwa madala palibe. Koma chimwemwe chili ndi dzanja lalitali. Lachisanu m'mawa, atangosesa pakhonde, a Chidendene anasuzumira. Tsamba lachiwiri, Wailesi akuseka, akupempha fodya. Wailesi amene msomali wake uli m'chitini! Tsamba lachitatu, wina akuti mawa atera pa dziko la phulusa. Mawa? A Chidendene, ulusi uli kukamwa, anatembenuza buku ngati nsapato n'kuyang'ana msoko. Msoko unalibe mlandu. Mlandu unali wa mitolo iwiri yomaliza: anaisinthanitsa. Za m'chombo zinayenera kubwera nkhondo isanayambe. Mapeto enieni a buku anali khomo lija ndi zii uja.

Anasiya benchi n'kupita kwa mayi wa mabuku.

"Mayi, buku lachisanu lake muli nalo? Mwina Sajeni amatulukira mmenemo."

"Bambo inu, mabuku amenewa ndagulitsa ambirimbiri. Wotsala kunja kwa khomo watsala basi."

"Mulibe chisoni inu."

"Chisoni ndili nacho chodzaza thumba. Buku ndilo ndilibe."

Pobwerera anayenda pang'onopang'ono. Munthu amene sananamizepo kasitomala za nsapato yakufa, tsiku limenelo anaganiza zonamiza mnzake. Kwatsala tsiku limodzi, madala apempha chinthu chimodzi chokha, ndiye awauze kuti Sajeni anathera kunja kwa khomo? Ayi. Awerenga mmene anasokeramo. Wailesi amudumpha, "mawa" uja amudumpha, Sajeni atuluke.

Masana ndodo inamveka, go, go, go. A Mawotchi anakhala pa kireti, anapeza wotchi ndi dzanja, n'kuiika pamwamba pa hamala, m'chombo. A Chidendene anayamba. Koma pakamwa pozolowera zoona sipadziwa kutsetsereka. Mawu ankayenda, kuima, kulumpha, ngati njinga ya tcheni chomasuka.

"Amisiri, mukudumpha."

"Ndikudumpha chiyani? Ndi Chingerezi chavuta apa."

"Zaka makumi atatu ndakhala ndikuika wotchi kukhutu. Yodumpha ndimaimva ili m'thumba la mwini wake. Mwadumpha katatu. Wailesi alimo, eti?"

A Chidendene anaika buku pamiyendo. Lole inadutsa, fumbi linakwera n'kutsika.

"Mwadziwa bwanji, madala?"

"Dzulo lomwe. Pa khomo paja munati Sajeni anaponda ndi nsapato yomangidwa ndi waya. Tsamba lotsatira, akuimanga ndi waya. Munthu amamanga nsapato imene waimanga kale? Ine wa mawotchi n'kumva, inu a nsapato osamva! Ntchito yanu yomwe, amisiri!"

"Nanga osanena bwanji?"

"Munakuwa mokoma. Ndinati asangalale kaye mpaka mawa."

Makutu a a Chidendene anatentha. Anawomba benchi mpaka misomali inadumpha. "Ndinadula manambala! Dzanja ili, likangoona chowola limadula osafunsa. Dikirani." Anatenga mpeni n'kuulozetsa pa msoko. "Ndimasula, ndisoke bwino. Mphindi khumi zokha."

Dzanja la madala linafufuza m'mwamba, linapeza mkono wawo, n'kuugwira.

"Siyani. Wolemba buku anamupha Sajeni, chabwino, ndi mwana wake. Koma ili mwasoka inuli ndi lathu. Za khomo ndazimva, sindine mwana. Inenso mawa ndili ndi khomo langa. Koma lero ndi Lachisanu, Sajeni ali m'chombo ndi anzake. Bwezerani Wailesi pabenchi, muwerenge zonse, osadumpha."

A Chidendene anaika mpeni pansi. Anapisa m'chitini, kutulutsa msomali, n'kuuika m'dzanja la madala.

"Si ameneyu."

"Aa, madala, misomali yonse ndi imodzimodzi!"

"Wailesi anali wopindika kumutu. Funani bwino."

Anakhuthula chitini chonse pa nyuzipepala. Analipodi, wopindika kumutu.

Ndiye anawerenga. M'mutolo umenewo munalibe nkhondo ngakhale pang'ono. Asilikali ankakangana za chakudya chozizira. Wailesi ankaimba, anzake n'kumamugenda ndi masokosi. Wina ankafunsa ngati ku dziko la phulusako kuli madzi osamba. Sajeni ankapinda waya, kulowetsa, kukoka ndi mano, kupindanso. Pomaliza anavala nsapato ija, anaponda pansi kawiri, n'kunena kuti, "Ifika." Pamenepo ndi pamene ulusi wa a Chidendene unathera. Kuseri kunali chikopa cha chikwama.

Mayi wina anaima ndi nsapato ya mwana m'manja, anawayang'ana, n'kukhala pa sitepe kudikira.

"Komatu waya umadula chikopa," anatero a Chidendene. "Akanabwera kwa ine."

"Inu mukanamuuza kuti akaikwirire."

Anaseka onse awiri, madala mpaka kupukuta m'maso.

Loweruka m'mawa galimoto inaima kutsogolo kwa sitolo. Namwino uja anatsika n'kupereka moni mwaulemu, bambo ake ali pambali atavala jekete lawo la tsiku lalikulu. A Chidendene anawaika buku m'manja. Madala anayendetsa chala pa msoko, kuyambira kumwamba mpaka kumunsi.

"Ababa, buku la chiyaninso, poti simuona?"

"Iwe umaona. Ukandiwerengera. Ndipo ukaona ngati lasokonekera kumapeto, usakonze."

A Chidendene anatenga wotchi kuti awabwezere, koma madala anakana ndi mutu. "Ameneyo satsika m'chombo. Mwaiwala?"

Mpaka lero wotchiyo ili pabenchi, pafupi ndi hamala. Mabuku a Chidendene akugulabe. Dzuwa likafika paliwombo amaika singano pansi n'kuwerenga, milomo ikugwedera, ndipo nkhondo ikakula mumawaona akusuntha zitini okha. Kireti ya mabotolo ilipo. Wofuna kumva amakhalapo, bola asayankhule pakati. Nthawi zina kasitomala wosadziwa kanthu amanyamula wotchi ija, kuiika kukhutu, n'kunena kuti, "Amisiri, iyi yafatu. Osataya bwanji?"

Amamulanda msangamsanga. "Bwana, mwabwera ndi nsapato kapena mwabwera kudzalengeza maliro? Ameneyo sanafe. Akumanga nsapato."