Tsiku limene chigubu chathu chinabwerera kumbuyo

Lachiwiri lapitali kunyumba kwathu sitinasambe. Ndikunena izi mopanda manyazi, ndipo mumva chifukwa chake.

Mwana wanga Tiyese ali mu Giredi 12. Kusukulu akuwerenga buku lakalekale, lothothoka chikuto, limene amabwerekana ana anayi. Ndi nkhani ya mtsikana woleredwa ndi azakhali ake aukali. Aphunzitsi anawapatsa funso: kodi mtsikanayu anasiya liti kukhala mwana? Tiyese atandifunsa, ndinati mwina tsiku limene anakwatiwa. Anangoseka.

Tsopano za pa pompi. Inu a ku Kanyama lamulo mukulidziwa. Masiku ano madzi amabwera m'mamawa kanthawi kochepa, n'kuduka. Ndiye pamzere sipaima anthu, pamaima zigubu. Ukasiya chako madzulo, malowo ndi ako, ndipo kudumpha chigubu cha mnzako ndi mlandu woposa kutukwana.

Tsikulo ndinaperekeza Tiyese, amene watunga madzi athu chimwalirireni amayi ake. Chigubu chathu chinali pafupi ndi kutsogolo. Kenaka anatulukira bana Mulenga, mayi oyandikana nafe, amene amuna awo anachotsedwa ntchito limodzi ndi ine fakitale itatsekedwa. Ndi mayi wa pakamwa pakuthwa. Mkazi wanga akudwala, ndi iwo ankaletsa ana awo kuponda pakhomo pathu. Anadutsa zigubu zonse n'kutchera ndowa yawo.

"Futi lelo, bana Mulenga?" anakuwa amake Juniya, amene amasunga kiyi wa pompi. "Vigubu vathu vagona pano na mphepo. Imwe ndimwe ba minisita?"

"Nisiyeni, nili na nchito."

"Ise tabwela kuvina? Chosani ndowa! Kuyambila lelo muzikatapa ku maenje!"

Madzi a m'maenje okumbamo miyala tonse timawadziwa. Ndi amene amatibweretsera kolera mvula ikagwa. Mumtima ndinkati lamulo ndi lamulo.

Tiyese ananyamula chigubu chathu, n'kuika ndowa ya bana Mulenga pamalo pake.

"Palibe wamene wajumpa," iye anatero. "Malo ni yanga, nabapasa."

"Iwe mwana, wapenga?" anatero amake Juniya. " Waibala vamene banachita kuli ba mayi bako?"

"Sininaibale, ba anti. Koma malo ni yanga."

Anapita kumapeto kwa mzere. Pompi inatsokomola, n'kuuma iye asanafike.

Pobwerera, chigubu chili mbee, ndinamufunsa chimene chinamugwira.

"Ba tate, simunaone vamene banamanga mu chitenge? Ni nsalu za pa bedi. Amuna babo badwala, sibanatuluke panja mwezi onse. Na ine nenze kuchapa za ba mayi m'mamawa kuseniseni, banthu bakalibe kuona."

"Nanga bwanji sunawauze azimayi aja? Akanamva chisoni."

"Si nkhani yanga yokamba."

Ine amene ndimakhala pa benchi yakutsogolo kutchalitchi ndinaona ndowa yodumpha mzere. Mwanayu anaona mayi wochita manyazi.

Makolo anzanga ambiri amati mabuku a nthano ndi kutaya nthawi, mwana aphunzire masamu kapena akagulitse pamsika. Sindiwadzudzula. Unga wakwera, ntchito zatha, ndipo mavuto atiphunzitsa kulondera malo athu pamzere ngati alonda a pageti. Koma kodi tikamaliza kulondera, tidzatsala anthu otani?

Sindinena kuti buku lokha ndilo linamuphunzitsa. Zambiri anaziphunzira pambali pa bedi la amayi ake, pa msinkhu umene anzake ankasewera waida. Koma mavuto paokha safewetsa mtima. Ena amawaumitsa gwa. Usiku uliwonse mwanayu wakhala akulowa m'mutu mwa munthu wina, kumva njala ya wina, mkwiyo wa wina. Chizolowezi chimenecho anapita nacho ku pompi. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kwa ife chinayamba n'kutiona, ndipo Tiyese sanafune kubweza.

Madzulo ake ndinamufunsa yankho limene analemba.

"Ni siku yamene anaona azakhali bake balila ku kicheni, anatseka chiseko pang'onopang'ono, osauza munthu."

Bana Mulenga sananene zikomo, ndipo amake Juniya sanawakanize kutunga pa pompi. Ine Lachiwiri ndinapita kokafuna ganyu ndi fumbi la dzulo m'khosi, mutu uli m'mwamba.

Aphunzitsi a Giredi 12, funso lanu lija mundifunsenso. Tsopano ndikudziwa tsiku lake, ndipo ndinalipo.