Nyimbo ya Maliro pa Shedi ya Fodya

Alamu anga anachotsedwa ntchito yosenza mabelo a fodya chifukwa cha nyimbo. Ankatsogolera gulu la onyamula katundu pa depoti ina ya pa Namitete, m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji. Chaka chimene eni depoti anagula makina onyamulira, alamuwo anasiya nyimbo zogwirira ntchito n'kuimbitsa ya maliro, ndipo lamulo linati kumeneko kunali kunyanyala ntchito.

Nthawi imeneyo ine ndinkalemba nkhani m'nyuzipepala ina mumzinda, ndipo Loweruka ndinkakwera minibasi kubwerera kwathu. Zambiri zimene ndikunena pano ndinaziona ndi maso. Zotsalazo anandiuza achemwali anga, akazi a alamuwo, amene sakonda kukometsera nkhani.

Depotiyo inali shedi yaitali ya malata, yotsegula mbali ziwiri. M'zaka zimene matipate ankayamba, alimi wamba analoledwa kulima fodya wogulitsa ku okushoni, ndiye nyengo yake ikafika mabelo ankachokera ku Nsaru ndi ku Kabudula, ena pa ngolo, ena pa timalole totha matayala. Onse ankatsitsidwa pa shedipo, kusanjidwa, kenako kukwezedwa m'malole aakulu opita mumzinda. Fodya akatha kunkabwera feteleza. Madalaivala oyenda ulendo wa ku Beira ankati malowo ndi doko lopanda madzi.

Belo la fodya limalemera kuposa munthu wamkulu wonenepa, ndipo lilibe pogwira. Amuna awiri ankalidzutsa, wachitatu n'kuwerama, kulilandira pamsana pomwe wayala chiguduli, n'kukwera nalo pa thabwa lofika mulole. Thabwalo linkawerama n'kudzuka munthu akaponda. Ukaponda mosiyana ndi mnzako wa patsogolo, linkakukankha, iwe n'kugwa ndi katundu yense. N'chifukwa chake ankaimba. Nyimbo sinali yongokometsera ntchito, inkauza phazi nthawi yoponda. Alamu ankaponya mawu okha, gulu n'kuvomera, ndipo pa kuvomerapo m'pamene belo linkatera pamsana.

Nyimbozo zinali zachipongwe. Zinkanyoza dalaivala wogona pansi pa lole, kalaliki wa mimba, mlimi wobisa mwala m'belo. Lamlungu alamu omwewo ankavala jekete n'kukaimba m'kwaya ya mpingo wathu, nkhope itakhala ngati sadziwa chilichonse. M'gululo munali a mpingo wathu wa Chipresibateriya ndi Akatolika a kufupi ndi mishoni. Pa nkhomaliro ankatsutsana za ubatizo, koma pa thabwa ankaponda pamodzi. Mawu a alamu ankamveka mpaka pamsika, moti amayi ogulitsa zitumbuwa ankadziwa kuti lole yatsala pang'ono kudzaza pongomva mmene nyimbo yathamangira. Mpaka lero ndikamva fungo la fodya wouma, phazi langa limayamba kugunda pansi lokha.

Kwa alamu ntchitoyi inali yoposa malipiro. Iwo anali mkamwini m'mudzi mwathu, kwawo kunali ku Chiwamba, ndipo nyumba yawo inali pa malo a amayi anga. Amayi anali ndi pakamwa. Akamwini ena ankawatuma kumanga nkhokwe ndi kufolera zigafa za fodya, n'kumawanenabe kuti ndi aulesi. Koma alamu ankawasiya. Ankati, "Awo ali pa ntchito." Madzulo alamu ankabwera ndi sopo kapena shuga, ndipo mabelo a amayi akafika pa depoti ankawayang'anira kuti asagone panja. Ulemu wawo wonse m'mudzimo unaima pa thabwa lija.

Matipate anabweretsanso ufulu wa mabungwe a ogwira ntchito. Munthu wa bungwe anachokera mumzinda, onyamula analowa onse, ndipo alamu anasankhidwa kukhala wapampando chifukwa mawu awo sankafuna chimkuzamawu. Pasanapite nthawi yaitali eni depoti anathira simenti pansi pa shedi yonse. Onyamula anakondwa kuti fumbi latha. Dalaivala wina wa ku Beira ndiye anawadzutsa.

"Mukukondwera chiyani?" anatero. "Mapazi safuna simenti, achimwene. Akukonzera matayala. Ku doko kuja onyamula anali ngati nyerere. Lero chikileni chimodzi chikunyamula bokosi lalikulu ngati nyumba, kamunthu kamodzi kali m'mwamba kakudya nthochi."

Ananena zoona. Fodya atangoyamba kubwera, kunafika makina aafupi a mano awiri achitsulo kutsogolo. Onyamula anawatcha foloko. Anaimikidwa pakona, ataphimbidwa ndi lona, kudikira woyendetsa. Manijala sananene kanthu za tsogolo la gululo, ndipo akafunsidwa ankati eni ake ali mumzinda.

Loweruka lina alamu anandipeza pakhonde.

"Alamu, inu a nyuzi, tandiuzani. Munthu akamayenda pang'onopang'ono, amamangidwa?"

"Zimatengera akupita kuti."

"Akukwera thabwa."

Ndinawauza zimene ndinkadziwa: lamulo latsopano limalola sitalaka, koma ili ndi njira yake. Mumayamba mwakanena mkangano ku ofesi ya leba, iwo ayese kukuyanjanitsani, zikakanika mupereke chidziwitso.

Anaseka. "Pofika nthawi imeneyo fodya atatha, foloko itabereka ana. Ife sitikunyanyala, alamu. Ntchito tigwira. Tingosintha nyimbo basi, manijala aone malole akugona, abwere tikambirane."

Poyamba anayesa kuimba nyimbo zachipongwe zija mochedwa, koma mapazi anawakana. Lole isanafike theka anali atayambanso kuthamanga, akuseka okha. Kunafunika nyimbo yochedwa mwachibadwa, yodziwika kwa a mipingo yonse iwiri. Inapezeka imodzi yokha: imene timaimba ponyamula bokosi kupita kumanda.

Loweruka lotsatira nditatsika minibasi ndinaimva. Ndinavula chipewa ndisanaganize n'komwe. Bambo wina anatsika pa njinga n'kumaikankha. Amayi a pamsika anali ataphimba madengu, akumanga zitenje. Munthu wina anali ataika kale masamba pa njira yolowera ku depoti, monga timachitira pakagwa zovuta.

Panali chinthu chimodzi chimene onyamula sanachiganizire. Nyimbo ya maliro ija ilibe woponya mawu, onse amaimba pamodzi. Kwa nthawi yoyamba anthu a pa Namitete anamva gulu likuimba pa shedi koma mawu a alamu osamveka patsogolo. Sanafunse zambiri. Uthenga unafika kumudzi kuti belo lagwera mtsogoleri.

Ine ndinali nditangolowa pa geti n'kuona zoona zake pamene achemwali anatulukira. Anali opanda nsapato, manja ali kumutu, akulira mokweza, amayi ena a m'mudzi akuwatsatira. Anapeza amuna awo ali pakati pa thabwa, belo lili pamsana, akusuntha ngati nanzikambe.

"Bambo inu! Muli moyo?"

"Ndili pa ntchito, mayi. Tapatukani, katunduyu ndi wolemera."

"Nanga wafa ndani?"

"Palibe. Ndi zimene tinagwirizana ku bungwe."

"Bungwe? Ine ndalira kuchokera pa mjigo mpaka pano, mawu atha, inu mukuti bungwe?"

Mkatolika wina wa m'gululo, wodziwika ndi nthabwala, anati, "Pepani mayi, koma mwalira bwino. Tsiku lenileni musadzachepetse." Anthu anaphulika ndi phwete, ngakhale amayi amene anabwera kudzakhuza.

Phwetelo linatha amayi anga atafika. Anali atathamanga mtunda wonsewo pa msinkhu wawo, akupumira m'mwamba. Kwathu mpongozi salankhula ndi mkamwini maso ndi maso, ndiye anatembenukira kwa ine, ngakhale alamu anali pafupi.

"Iwe, uwafunse alamu akowa. Nyimbo imeneyi akuitanira ndani? Ukatha uwafunse mabelo anga ali pati."

Mabelo a amayi anali pa ngolo, kumapeto kwa mzere, kunja kwa geti. Alamu anayang'ana pansi. Sakanatha kuwadutsitsa pamene a anthu ena akudikira.

Onyamula anaimbabe nyimboyo masiku otsatira, ndipo mzere wa ngolo unafika pamsewu waukulu. Alimi ankagona pambali pa katundu wawo, mame akunyowetsa ziguduli, dzuwa likuumitsa masana. Fodya wotero amaphwanyika ndipo amatsika mtengo. Ku doko la kunyanja onyamula akazengereza, wolira amakhala mwini sitima wa kutali. Pa Namitete wolira anali msuweni wako, mkulu wa mpingo wako, apongozi ako. Alimi omwe kale ankavomera nawo nyimbo zachipongwe anayamba kutukwana pa geti. Akuluakulu a mpingo anatumiza mawu kuti nyimbo ya kumanda si yoseweretsa. Manijala sanabwere kudzakambirana. Anangovundukula lona, woyendetsa foloko atafika, ndipo alimi anaomba m'manja makinawo atanyamula belo loyamba. Achemwali akuti kuomba m'manjako kunawapweteka alamu kuposa china chilichonse.

Mkulu wa ku ofesi ya leba anabwera pa njinga yamoto. Msonkhano unachitikira m'shedi momwemo, anthu atakhala pa mabelo, ine ndili kumbuyo.

"Bwana, ife ntchito sitinasiye," anatero alamu. "Funsani aliyense. Belo lililonse limene tinaligwira linakwera."

"Linakwera liti?"

"Linakwera mwaulemu."

Mkuluyo anaseka mpaka kuvula magalasi. Atawavalanso analankhula mosaseka. Anati m'lamulo sitalaka si kusiya ntchito kokha. Anthu akapangana kuchepetsa liwiro kuti akakamize bwana, imeneyonso ndi sitalaka, kaya akuimba kaya ali chete. Ndipo poti sanatsate njira yake, lamulo silikanawateteza. Kenako anatembenukira kwa manijala n'kumuuza kuti makina si chifukwa chothamangitsira anthu ngati nkhuku, anayenera kukhala nawo pansi foloko isanabwere, ndipo aliyense wochotsedwa alandire zake zonse.

Zinatha choncho. Ochepa anatsala kuti azisanja mabelo mulole. Ena onse anauzidwa kuti nyengo ikatha asabwerenso. Za alamu manijala anakanitsitsa kuti woyambitsa nyimbo sangatsale ngakhale tsiku limodzi.

Kumudzi kunali zii. Fodya wa amayi anagulidwa motsika. Alamu ankakhala m'nyumba, osapita ndi ku kwaya komwe, ndipo achemwali anandiuza kuti anawaona akupukuta sutikesi yawo yakale. Aliyense ankadziwa kuti mkamwini wopanda ntchito, wopanda munda, amene waononga fodya wa apongozi n'kuwathamangitsa ndi maliro abodza, njira yake ndi ya ku Chiwamba. Ana akanatsala ndi ife.

Loweruka lina m'mawa amayi anandiitana. Alamu anali kuseri kwa nkhokwe, pomwe akanatha kumva.

"Iwe, uwauze alamu ako kuti munda wa kutsidya kwa dambo ndi wawo. Khasu akatenge la malemu atate ako."

"Amayi, ndimayesa mwakwiya."

"Ndakwiya, eya. Koma ndinathamanga ndi miyendo yangayi, ndinawalira njira yonse. Munthu amene ndamulira kale ndimuthamangitse bwanji? Misozi yanga ipite pachabe?" Anatenga dengu lawo, kenako anaima. "Uwauzenso kuti m'mundamo aziimba zachipongwe zija. Inayo ndisadzaimvenso ndili moyo."

Kuseri kwa nkhokwe kunamveka kuomba m'manja katatu, pang'onopang'ono.

Alamu analima munda umenewo mpaka tsitsi linachita mbuu. Mabelo awo ankawatengera pa depoti yomweyo, n'kuima pambali foloko ikuwanyamula. Zoona zake n'zakuti malole ankadzaza msanga kuposa kale, ndipo sindinamvenso za munthu wothyoka msana pa thabwa. Iwonso amavomereza zimenezo. Chimene sanazolowere ndi phokoso la makinawo akamabwerera m'mbuyo. Amati ndi nyimbo ya mawu amodzi, yopanda wovomera.

Amayi anatisiya kalekale, ndipo pa maliro awo alamu anaimba nyimbo ija mokweza kuposa onse. Tsopano akalamba, msana unapindika. Shedi ikadalipo, koma ngolo zinachepa, poti makampani ambiri amakatenga fodya kufupi ndi alimi, ndipo akuti depotiyo itsekedwa nyengo ino ikatha. Mwezi watha alamu anaitana anzawo a pa thabwa amene akadali moyo, n'kuwapempha kuti tsiku lawo likadzafika adzanyamule bokosi ndi nyimbo ya ntchito, poti ya maliro anaimbiridwa kale. Achemwali akuti bola mawu ake adzasinthidwe. Nkhaniyi yaperekedwa kwa akuluakulu a mpingo, ndipo ati ayankha akakumana mwezi wamawa.