Belo ya mlimi wa ku Madzimoyo

Ku Chipata mukafunsa za Edita Sakala, mudzamva mayankho awiri. Ena amakwinya nkhope n'kuti ndi uja amaikira kumbuyo mbava. Ena, makamaka amene anagonapo m'chitolokosi, amangoti mayi ameneyo Mulungu amusunge. Ndi loya wa boma, woimira anthu amene sangathe kulemba loya wawowawo. Anakulira ku Nabvutika, mwana wa bambo wokonza njinga, ndipo mpaka lero amayenda mwandawala ngati wasiya khanda lokha m'nyumba. Kathupi n'kochepa, koma pakamwa, eee, musayerekeze. Mayi ake anatopa n'kumufunsa ngati sukulu yonse ija inali yoti azitetezera oba mbuzi. Iye amangoti woba mbuzi nayenso ali ndi ana, n'kupitiriza zake.

Nkhani imene anzake a ku ofesi saiiwala ndi ya a Paison Mvula, mlimi wa ku Madzimoyo. A Paison anakangana ndi mnansi wawo pa za malire a munda, mtima unawapsa, n'kumumenya ndi mpini mpaka kumuthyola mkono. Anawagwira mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Mlandu unkangosunthidwa, lero mboni sinabwere, mawa dokotala wachokapo, iwo ali pa rimandi, kudikirira mlandu ali m'ndende. Belo khoti linawalola ndithu, koma linati abweretse anthu awiri owaimira, olembedwa ntchito, okhala ndi peyisilipi, kapepala kosonyeza malipiro a pamwezi. Nanga mlimi wa mtedza akam'peza kuti munthu wa peyisilipi? Abale awo onse ntchito yawo ndi khasu.

Edita atakawaona kundende, anapeza kuti bamboyo za mlandu alibe nazo ntchito, ankangofunsa za mitambo. Akazi awo, a Sesiliya, anali oyembekezera, ndiponso otopa kale. Ana anali ang'onoang'ono. Mvula ikanagwa iwo ali m'katimo, munda ukanagona, ndipo banja lonse likanagona ndi njala chaka chinacho.

Ndiye Edita anayamba kuyenda. Anapempha aphunzitsi a pafupi ndi mudziwo, anakana. Anadikirira anthu panja pa tchalitchi Misa itatha, aliyense ankangoti pepani. Kunena zoona, simungawadzudzule. A Paison ali ndi abale ku Mchinji, ndipo ndani sadziwa kuti wofuna kulowa m'Malawi safunika kudzera pa chipata cha malire cha Mwami? Tinjira tilipo tambirimbiri. Munthu akathawa, amene amaona zakuda ndi womuimira.

Zitavuta, anabwerera kukhoti ndi alimi awiri a mumpingo wa a Paison, nsapato zili mbuu ndi fumbi. Woimira boma pa mlanduwo anaseka, nati amenewa si anthu a ntchito. Apo m'pamene Edita anayaka.

"Bwana, anthu awa amadzuka ife tili m'tulo. Ngati sali pantchito, ife timadya za yani? Wa peyisilipi mawa akhoza kusamutsidwa. Awa munda wawo suyenda."

Majisitireti anavomera. Koma anamuyang'anitsitsa Edita n'kumuuza kuti munthuyu akangothawa, asadzabwerenso ndi pempho lotere m'khoti lake. Edita anamva bwino lomwe. Alimi ena ambiri anali pa rimandi pa chifukwa chomwechi, ndipo khomo lawo tsopano linali m'manja mwa a Paison.

A Paison anatuluka mvula yoyamba itangogwa. Anabzala chimanga ndi mtedza, anapalira, kukhoti n'kumabwera tsiku lililonse limene aitanidwa. Mboni zitatha, Edita anachita chimene maloya ena amati n'chibwana: anauza a Paison zoona. Anati umboni ndi wolemera, pa tsiku la chigamulo mwina sakabwereranso kunyumba, choncho akonzeretu za pakhomo. Mnzake wa mu ofesi, a Jethro, anagwira pakamwa atamva. Munthu wokhala pafupi ndi malire, n'kumuuza kuti akulowa m'ndende? Kumeneko ndi kumugulira wekha tikiti. Edita anati sanganamize munthu amene wamukhulupirira. Anayankha molimba mtima ndithu, koma sabata imeneyo chakudya sichinkamulowa.

Tsikulo linafika mu Febuluwale, mvula ikukhuthuka. Khoti linayamba, a Paison osaoneka. Alimi awiri aja anangozolika pabenchi. Woimira boma ankayang'ana wotchi mochita kuonetsera. Edita anapempha kuti mlanduwo auike komalizira. Anachita mantha, mantha enieni.

A Paison analowa chakumasana, ali chonyowa, matope mpaka m'mawondo. Mtsinje unali utadzaza, njinga anaisiya kutsidya. M'khwapa anapanira bulangete lokulunga m'pulasitiki, m'manja muli kambale ndi kapu. Munthuyo anabwera atakonzeka kukagona kundende.

Khoti linawapeza olakwa. Edita anawadandaulira monga amachitira, anatchula za ana, anatchula za mtsinjewo, ndipo majisitireti anawapatsa miyezi yochepa kuposa imene aliyense ankayembekeza. Apolisi asanawatenge, Edita anawayandikira n'kuwafunsa motsitsa mawu ngati maganizo owoloka malire sanawabwerepo.

"Anabwera, amayi. Achimwene a ku Mchinji anachita kudzanditenga dzulo. Koma chimanga chamasula, ana adya. Inu simunandinamize, ndiye ine ndikanakunamizani bwanji?"

 Edita anawanyamulira bulangetelo mpaka pagalimoto ya kundende, misozi ili chuchuchu, osabisa n'komwe.