Kaseti ya Mabingu M'munda wa Mpunga

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene bambo anga anamwalira, ine ndi amayi n'kusamuka ku Khombedza kukakhala kwa amalume ku Chinguluwe. Katundu wathu anakwana pa njinga ziwiri. M'katoni ya zovala za amayi munali kaseti imodzi imene ndinkaiona ngati munthu wachitatu pa ulendowo.

Bambo ankaimba gitala mu bandi yotchedwa Mabingu. Pa wailesi sinamvekepo ngakhale tsiku limodzi. Anali anyamata a pa Khombedza pomwepo, ndipo nyimbo zawo zinali zazifupi, zothamanga, magitala akukalipa pansi koma mawu atatu akuyenda limodzi mokoma pamwamba. Ku maukwati anthu ankafuna rumba ndi rege, ndiye ankawakuwiza kuti, "Tiimbireni zovinika, inu!" Komabe panali kagulu ka achinyamata kamene kankapalasa njinga kuchokera ku Maganga kudzawamvera, nyimbo iliyonse ili pamtima. Bandiyo inajambula kaseti kamodzi kokha, kuseri kwa golosale, ndipo bandiyo inatha bambo atayamba kudwala. Makaseti ena anatafunidwa ndi mawailesi a eni ake. Yathu ndiyo inatsala.

Amalume sanali munthu wankhanza ayi. Anali munthu wa mpunga basi. Ku Chinguluwe mpunga ukayamba kucha, mpheta zimagwa m'munda ngati zaitanidwa. Alimi ankasolola ulusi wa makaseti akale n'kuumanga pa timitengo kudutsa munda wonse. Ukamanyezimira padzuwa ndi kulira ndi mphepo, mbalame zimaopa kutera.

M'mawa wina, sukulu itatsekera, ndinawapititsira tiyi kumunda. Pamzere ndinaponda chigoba cha kaseti chopanda kanthu m'kati, pamwamba pake palembedwa MABINGU. Nditakweza maso ndinaona ulusi wake ukuphethira pamwamba pa mpunga. Mayo ine! Tiyi yense anathera pansi.

"Amalume, iyi ndi kaseti ya bambo!"

"Ee, ndi ya alamu anga," anayankha osasiya ntchito yawo. "Nanga wailesi tili nayo? Mpheta zikamaliza mpungawu, udzadya nyimbo?"

"Ndiye mphetazo ndiziinga ine."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Iwe? Kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kulowa?"

"Mpaka tidule mpunga."

Kenaka anati ndimasule, koma tsiku limene adzapeze mpheta zikudya, ulusiwo ubwerera pa timitengo ndipo pasadzakhale kulira.

Ndinamasula mfundo iliyonse ndi zikhadabo, ndikuopa kudula. Ulusiwo ndinaukulunga m'chigoba muja pang'onopang'ono ndi bolopeni, pamene unaduka ndikulumikiza ndi tizidutswa ta selotepi. Kasetiyo ndinaimanga pa nsonga ya chitenje changa, ndipo ndinkagona nayo.

Kuinga mbalame ndi ntchito yosaoneka, koma imadya munthu. Ndinamanga zitini za miyala pa chingwe, n'kumakhala pachulu ndikukoka. Mpheta n'zochenjera, abale. Ukaziinga kuno zimakatera uko, ukathamangira uko ndi mabuma m'manja zabwerera kale kumbuyo kwako. Ndinakuwa mpaka mawu kusasa. Udzudzu unandidya, mapazi anang'ambika ndi matope, anzanga akusewera fulaye ine ndili pachulu ngati chiopsezo. Amayi ankandinyengerera kuti ndisiye, bambo sangadzuke chifukwa cha kaseti. Ndinkadziwa kuti sangadzuke, koma ndinali nditayamba kuiwala kamvekedwe ka mawu awo, ndipo zimenezo zinkandiopsa kuposa njala.

Mpunga utatsala pang'ono kudulidwa, ndinagwidwa malungo. Sindinauze munthu. Ndinakwawira kumunda m'mawa, dzuwa likuwotcha koma ine mano akugundana. Amalume anandipeza nditagona chammbali pachulu, chingwe nditachikulunga pa dzanja, ndikukokabe. Nditawaona ndinagwira nsonga ya chitenje mwamphamvu.

"Sizinadye, amalume. Yang'anani, sizinadye."

Sanayang'ane n'komwe mundawo. Anandigwira pamphumi, anamasula chingwe pa dzanja langa n'kuchikulunga pa lawo.

"Liuma ngati la bambo ako," anatero. "Pita kwa amayi ako akuperekeze kuchipatala. Kasetiyo pita nayo."

Masiku otsalawo munthu wamkulu uja anakhala yekha pachulu, akukoka zitini ngati mwana.

Titadula mpunga, amalume anakabwereka wailesi kwa aphunzitsi ena, ndipo tonse tinakhala pakhonde. Nditakanikiza batani, magitala anabuka. Koma dzuwa ndi mphepo zinali zitautamula ulusi uja. Nyimbo inkati ikakwera n'kutsetsereka, mawu a bambo akunjenjemera ngati munthu woimba ali pa njinga mumsewu wa mabampu. Amayi anafunda chitenje kumaso. Ine ndinalira mokweza, chifukwa anali iwo ndithu, komanso sanali iwo.

Mbiri inamveka kuti kaseti ya Mabingu ilipo. Achinyamata a ku Maganga aja, amene tsopano anali ndi mabanja, anabwera kudzajambulako. Kuchoka apo inayenda dzanja ndi dzanja, ndipo lero nyimbozo zili m'mafoni. Mabandi a ana a masiku ano, ku Salima kuno ngakhale ku Lilongwe, amati Mabingu ndi makolo awo. Amaimba nyimbo zazifupi, mawu atatu pamwamba, ndipo mwadala amanjenjemeretsa gitala kuti izitsetsereka chimodzimodzi.

Pano ndakula, ndamvetsa kuti chinthu sichipulumuka chifukwa chakuti n'chabwino. Zabwino zambiri zinathera pa timitengo. Chimapulumuka chifukwa wina anakakamira, ndipo ngakhale atero, sichifika chathunthu.

Chaka chatha mnyamata wina woimba anandipeza pa msika wa Khombedza atamva kuti ndine mwana wa woimba gitala wa Mabingu. Anandigwira dzanja ndi manja awiri.

"Amayi, kunjenjemera kuja bambo anu ankakupanga bwanji? Ife tayesetsa, sitikufikapo."

Ndinamuuza zoona, kuti limenelo ndi dzuwa la ku Chinguluwe. Mawu a bambo anga anali osalala, osagwedera ngakhale pang'ono. Amalume anamwalira, ndipo pakhomo pathu owakumbukira mawuwo tatsala awiri, ine ndi amayi.